Kufooka masana kwa odwala shuga

Wa_ku_Kawale:
Akuluakulu, n'chifukwa chiyani munthu wodwala shuga amafooka akangodya nsima masana? Shuga amakhala atakwera kapena atatsika?

Mlongo_Area25:
Zonse ziwiri zimafooketsa, ndiye musamangoganizira, yezani ndi kamakina koyezera shuga. Pakatha maola 2 mutadya, shuga asapitirire 10 mmol/L (muyeso wa shuga m'magazi). Akakwera amangodzadza m'magazi osalowa m'minofu, mumakodza pafupipafupi, madzi n'kutha m'thupi, tulo n'kuyamba.  Phikani mgaiwa, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu, masamba theka la mbale, nyemba kapena usipa pambali. Mukatha kudya, yendaniko mphindi 15.

Bambo_Biwi:
Koma ngati pali kunjenjemera, thukuta ndi njala yadzaoneni, shuga watsika, mwina wafika pansi pa 3.9. Sungunulani masupuni a tiyi 4 a shuga m'madzi, imwani, yezaninso pakatha mphindi 15, kenako idyani. Zimachitika kwambiri mukamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin koma osadya.

Mlongo_Area25:
Shuga ali bwino koma kufooka sikukutha? Kayezetseni malungo ndi kuchepa kwa magazi. Kumwa mapiritsi a shuga a metformin kwa zaka zambiri kumachepetsanso vitamini B12, kafunseni ku kiliniki ya shuga ku chipatala cha Kamuzu Central.