Land Rover Series III ikulira m'giyabokosi

Phiri, Zomba: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Pagalaji pano pali Series III ya 1978, ikulira chong'ung'udza pansi pa mpando wapakati. Pa giya 1, 2 ndi 3 phokoso ndi lalikulu, koma ndikangolowetsa 4 limati zii. Mwiniwake waumirira kuti ndi release bearing (bering'i ya kilachi), akufuna ndisinthe yokhayo. Ine mtima ukukana.

Madala Banda: Release bearing imalira mukaponda kilachi, mukachotsa phazi imasiya. Ikani pa nyutulo injini ikuyenda, pondani, mutiuze zomwe mwamva.

Phiri, Zomba: Ndayesa, madala. Phazi lili pambali ikulira, ndikaponda phokoso likuzilala mpaka kutheratu.

Madala Banda: Ndiye kilachi ilibe mlandu. Mukaponda, mashafiti a m'bokosi amaima, n'chifukwa chake kukuti zii. Tsono nkhani yagona pa giya 4 mwatchulayo. Pa 4, input shaft (shafiti yolandira mphamvu ya injini) imamangana mwachindunji ndi mainshaft (yotulutsa mphamvuyo m'bokosi), mphamvu siidutsanso pa layshaft (shafiti ya magiya yomwe ili pansi pa ziwirizi). Layshaft imangozungulira yopanda katundu. Pa 1, 2 ndi 3 katundu yense amatsikira pamenepo, ndipo mabering'i ake akadyeka amalira ndithu. Ine ndikuloza pamenepo.

Mwale, Chipata: Ndikuvomereza, koma bering'i ya input shaft musaiiwale achimwene, nayonso imachita chimodzimodzi. Ikani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pabokosi, chigwiriro pakhutu, mumve kumene kukuchokera. Nanga transfer box, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, mwaiona?

Madala Banda: Pa nyutulo galimoto itaima, transfer box siizungulira, a Mwale. Komabe oyilo wake ayang'ane. Seal ya pakati pa mabokosi awiriwa ikatha, oyilo amasamukira ku transfer, giyabokosi n'kutsala youma.

Phiri, Zomba: Mwalasa. Transfer yadzaza mpaka kutayikira potsegula pulagi, m'giyabokosi mwatuluka wosadzaza n'kapu komwe. Ndausefa pansalu yoyera, patsala tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa.

Mwale, Chipata: Toyera kapena tachikasu?

Phiri, Zomba: Toyera.

Mwale, Chipata: Ndi chitsulo cha bering'i chimenecho. Tachikasu tikanakhala ta ma synchro, mphete zothandiza giya kulowa bwino.

Madala Banda: Tsitsani bokosi, galimotoyo isayendenso, mano a magiya angathyoke. Poti mwatsegula kale, sinthani mabering'i onse awiri a layshaft, ya input shaft ndi seal ija. Layshaft muione bwino pamene bering'i imakhala. Oyilo thirani EP90 wa GL-4. Mwiniwake mumuonetse nsaluyo musanamuuze mtengo.

Phiri, Zomba: Zikomo madala. Mawa m'mawa ndiyamba ndi kuchotsa mipando ndi pansi pake.