Ndayesa Yamaha R7: kodi ndigule imeneyi kapena Kawasaki Ninja 400?

Mlendo wa ku Joni

Moni nonse achimwene ndi achemwali okonda njinga zamoto. Ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyendera njinga yaing'ono ya 150cc popita ku ntchito ku Midrand. Tsopano ndasungako kangachepe, laisensi ya Code A, yoyendetsera njinga zazikulu, ndili nayo, ndipo mtima wanga uli pa njinga yaliwiro. Loweruka lapitali ogulitsa ena anandilola kuyesa Yamaha R7 ya 2022, choncho ndikufuna kukufotokozerani zimene ndinaona kuti mundithandize maganizo ndisanatulutse ndalama.

Chimene chinandidabwitsa choyamba ndi kuwonda kwake. Pa zithunzi imaoneka yaikulu, koma mukaikhalira mawondo amalowa bwinobwino m'mbali mwa thanki. Mpando wokha ndiwo uli m'mwamba, pa mamilimita 835, ndipo ine amene si wamtali ndinkaponda pansi ndi zala za kumapazi zokha. Injini yake, ya 689cc ndi masilinda awiri, siilira mokuwa monga ndinkayembekezera. Imagunda ndi mawu okhuthala, ndipo imayamba kukoka mukangopotokola moto pang'ono, moti ndinadutsa galimoto yonyamula katundu popanda kutsitsa giya. Kilatchi ndi yofewa, ndipo buleki yakutsogolo inkagwira ndi zala ziwiri zokha.

Vuto linayamba titalowa m'misewu ya maloboti ambiri. Mahandulo ali pansi kwambiri, popondera pali m'mwamba ndiponso cham'mbuyo, ndipo thupi lonse limatsamira pamanja. Posakhalitsa zala zinachita dzanzi, khosi linayamba kuwawa chifukwa chodzutsa mutu kuti ndione kutsogolo, ndipo m'magalasi ndinkaona zigongono zanga kuposa magalimoto a kumbuyo. Pobwerera, nditafuna kutembenuka pamalo opanikiza, handulo inafika pothera msanga ndipo chala changa chachikulu chinatsala pang'ono kupanikizika ndi thanki.

Pamalo omwewo panali Kawasaki Ninja 400 yoyendako kale, ya mtengo wotsika ndithu. Imeneyo ndinangoikhalira osaiyendetsa, koma mapazi onse awiri anafika pansi ndipo msana unali wowongoka. Anzanga akunena kuti ndikagula Ninja idzanditopetsa pasanathe chaka ndipo ndidzaigulitsa moluza. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga kuwawa kwa manja pa R7 kumatha munthu akazolowera? Ndionjezere kuti ndikulakalaka kudzapita nayo kumudzi ku Malawi pa tchuthi cha Khirisimasi.

Makaniko wa ku Germiston

Achimwene, zimene munaona m'kanthawi kochepako n'zoona zonse, koma muyenera kudziwa chifukwa chake. Injini ya R7 ndi yomwe ija ya MT-07, njinga ina ya Yamaha, ndipo injiniyo a Yamaha amaitcha CP2. Masilinda ake awiri samaphulika motalikirana mofanana, chifukwa kirankishafuti yake anaipotoza madigiri 270, ndipo n'chifukwa chake imagunda m'malo mokuwa. Imatulutsa mahosipawa pafupifupi 73, ndipo kukoka kwake kwakukulu kumabwera injini ikamazungulira ka 6,500 pa mphindi, kutanthauza kuti simufunika kuiliza mpaka pamzere wofiira kuti iyende. Yamaha R6 yakale, imene anasiya kuipanga ya pamsewu itatha 2020, inali yosiyana kotheratu: masilinda anayi, yaulesi pansi, yolusa pamwamba. Pa R7 anaika injini yofatsa koma kakhalidwe ka wokwera anakasiya kofanana ndi ka R6, ndipo kumeneko n'kumene kunakupwetekani manja.

Ninja 400 ili ndi 399cc ndi mahosipawa pafupifupi 45, ndipo imalemera makilogalamu 168 ili ndi mafuta, pamene R7 imalemera 188. Mpando wake uli pa mamilimita 785. Kusiyana kwa masentimita asanu ndi makilogalamu 20 kumaoneka kochepa papepala, koma mudzakumva tsiku limene phazi lidzaterereka pa mchenga kapena pa dizilo wotayikira pa loboti, njinga n'kuyamba kupendekera mbali imodzi. Njinga zambiri zimene zimabwera kugalaja kwathu zitasweka mapulasitiki a m'mbali sizinagwe zikuthamanga ayi. Zinagwa zitaima kapena zikutembenuka pageti.

Komabe anzanuwo sakunama pa zonse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zake poyerekeza ndi ku Durban. Njinga yaing'ono imamva kutayako kuposa yaikulu. Pa N1, pamene malire a liwiro ndi makilomita 120 pa ola, Ninja imayenda popanda kudandaula, koma mukafuna kudutsa mwachangu mudzatsitsa giya imodzi kapena ziwiri, pamene R7 imangofuna kupotokola dzanja.

Pa nkhani ya ndalama, musayang'ane mtengo wogulira wokha. Tayala lakumbuyo la R7 ndi la 180, la Ninja ndi la 150, ndipo pitani mukafunse mitengo ya awiriwo musanasankhe, chifukwa tayala lakumbuyo ndilo lidzakudyerani ndalama kawirikawiri kuposa china chilichonse. Funsaninso a inshuwalansi awiri kapena atatu. Ubwino wa CP2 ndi wakuti mavavu ake amafuna kuonedwa pa makilomita 40,000, ndipo ndi injini imene sitiitsegula kawirikawiri. Pa Ninja yoyendako kaleyo, onani bukhu la sevisi, mano a sipuloketi ndi nsonga za mahandulo. Ngati zili zokalika, dziwani kuti inagonapo pansi. Ine nditakhala inu, wochokera pa 150cc, ndikanatenga Ninja.

Nachisale wa ku Centurion

Ndikugwirizana ndi bambo makaniko pa manambala, koma pa nkhani ya manja ndili ndi maganizo ena. Ine ndimayendera R7, ndipo ndinganene kuti kuwawa kumene munamva, achimwene, theka lake ndi la njinga, theka lina ndi la kakhalidwe kanu. Munthu wochokera pa njinga yowongoka amakhala ngati wakhala pampando wa ndalema, miyendo ili tayale, ndipo akawerama thupi lonse limagwera pamanja. Pa njinga yaliwiro mumafinya thanki ndi mawondo, mumaponda ndi kutsogolo kwa phazi, ndipo mimba ndi msana ndizo zimanyamula thupi, moti zigongono zimakhala zopindika ndipo manja amangogwira handulo mopepuka. Mukafika pa liwiro la pamsewu waukulu mphepo imakankha chifuwa n'kukupeputsani. Pamdipiti wa magalimoto mphepoyo palibe, ndipo pamenepo palibe luso limene lingachotse kutopa konse. Choncho yankho la funso lanu ndi lakuti kuwawako kumachepa koma sikutheratu, ndipo ngati ulendo wanu wa ku Midrand uli wa imaima m'mawa uliwonse, mudzaumva ndithu.

Zoti Ninja 400 imatopetsa, ine ndimazikana. Mu 2018 Ana Carrasco wa ku Spain anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga zazing'ono wotchedwa Supersport 300 atakwera Ninja 400, ndipo anali mkazi woyamba kutenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wa njinga zamoto zokwera munthu mmodzi wa pabwalo la tara. Mu 2024 anapambananso mpikisano watsopano wa akazi, umene onse amakwera R7. Ndikutchula zimenezi pofuna kusonyeza kuti njinga ziwiri zonsezi zili ndi zambiri zoti munthu aphunzire kuposa zimene msewu wa m'tauni ungamulole kuyesa. Amene amati yaing'ono yawatopetsa nthawi zambiri amathamanga pamsewu wowongoka pokha, ndipo akafika pokhota amaponda buleki mwamantha. Pitani ku bwalo la mpikisano la Zwartkops kapena la Red Star Raceway pa tsiku limene amalola anthu wamba kulowa m'bwalo, mukaone momwe okwera njinga za 400cc amadutsira a 1000cc m'makona.

Chinthu chimodzi chimene ogulitsa mwina sanakuuzeni n'chakuti R7 ya 2022 ili ndi ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza mukagwira buleki, koma ilibe traction control, yoletsa tayala lakumbuyo kuterereka mukaonjezera moto. Mvula ya masana ya ku Gauteng ikagwa, tara n'kukhala woterera, kukoka kuja kumene kunakusangalatsani kumatha kutembenuza tayala lakumbuyo mukapotokola moto mwaphuma potuluka pakona. Aprilia RS 660 ili nazo zothandizira zimenezo, pamodzi ndi mahosipawa 100, koma mtengo wake ndi wina. Ndipo pa ndalama zimene mwasungazo muchotseretu za helemeti yotseka nkhope yonse, jekete lokhala ndi zotetezera msana, magolovesi ndi mabuti. Zotsalazo ndizo za njinga.

Che Mthuthuthu, Blantyre

Ine ndiyankhapo za ulendo wa kumudzi zokha, popeza anzanga aiwala. Njira ya ku Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kudzalowera pa Mwanza ndi ya masiku angapo pa njinga, ndipo mu Disembala ku Tete kumatentha koopsa, kwinaku mvula itayamba. Thanki ya R7 imalowa malita 13 okha, ya Ninja 14, choncho simungadutse malo omwetsera mafuta n'kumati ndikamwetsa kutsogolo. Ngati ulendo umenewu uli wofunikadi kwa inu, yang'ananinso Honda CBR500R, ya 471cc, imene thanki yake imalowa malita 17 ndipo wokwera amakhala mowongoka. Siyosangalatsa ngati R7, koma imadya mtunda mosadandaula.

Mukafika kuno, msewu wa Blantyre kupita ku Zomba kapena kutsetsereka kwa ku Thyolo pakati pa minda ya tiyi mudzasangalala nako. Funso ndi lakuti kumudzi kwanuko tara amafika pakhomo kapena ayi. Njinga zonsezi zili ndi mimba yotsika, matayala a tara okhaokha ndi mashoko aafupi, ndipo pamatope a Disembala akabaza a Lifo ndi Boxer adzakudutsani atanyamula matumba a feteleza. Dzenje limodzi lokha likhoza kupinda limu, ndipo tayala la 180 kapena limu ya R7 simungazipeze m'sitolo za ku Limbe monga mupezera za njinga za kabaza. Mudzadikira kuti zichokere ku Joni komweko.

Mlendo wa ku Joni

Zikomo kwambiri nonse. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kuchoka pa M1 kukafika pakhomo ndi msewu wafumbi, choncho za Khirisimasi ndaziika pambali; ndidzakwera basi monga mwa nthawi zonse. Chatsala ndi ulendo wa ku ntchito ndi kukayenda Lamlungu. Achemwali a Nachisale, kodi n'zotheka kukweza mahandulo a R7 kapena kutsitsa mpando kuti ndizifika pansi bwino?

Nachisale wa ku Centurion

N'zotheka pang'ono chabe. Mahandulo okwera alipo, koma mukawakweza kwambiri amagunda mapulasitiki akutsogolo pokhota, ndipo mapaipi a buleki ndi mawaya amafupika. Kutsitsa njinga kumbuyo kumasintha kakhotedwe kake ndipo sitandi imafunika kuifupikitsa. Ngati mwakonda injiniyo koma kakhalidwe kakukanani, kayeseni MT-07, imene ili ndi injini yomweyo, handulo yowongoka ndi mpando wa mamilimita 805. Bwererani kwa ogulitsawo mkati mwa sabata, osati Loweruka, ndipo mukawapemphe kuti muyendetse Ninja ndi MT-07 motsatizana pa nthawi imene magalimoto achuluka, mutavala helemeti yanu ndi chikwama chimene mumapita nacho ku ntchito.