Tisanamusanjike manja munthu, timuyese bwanji?

Mwana wa Mpingo:
Abale ndi alongo, ndithandizeni. Mpingo ukamasankha akulu ndi madikoni, mayina omwe amatchulidwa msanga ndi a anthu odziwa kulankhula, opemphera mokweza, kapena opereka zambiri. Koma 1 Timoteo 3 ndi Tito 1 zikunena zina. Makhalidwe amenewa amayesedwa bwanji kwenikweni? Tifunse ndani, tidikire nthawi yaitali bwanji? Nanga munthu akalowa kale pa udindo, timuteteza bwanji iyeyo ndi nkhosa zomwe?

Mkulu Wopuma:
Mwana wanga, tsegulani 1 Timoteo 3:2-7 muwerenge ndi zala. Mupeza zinthu pafupifupi 15, ndipo mwa zonsezo luso ndi limodzi lokha, kudziwa kuphunzitsa. Zotsalazo ndi khalidwe: ukwati, mowa, mkwiyo, ndalama, kulandira alendo, kuyendetsa banja, mbiri yake kwa akunja. Kwa madikoni, m'ndime 8 mpaka 13, ngakhale luso lophunzitsalo silikutchulidwa. Ndiye mukamuyesera munthu pa guwa, mwayesa chinthu chimodzi n'kusiya 14. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kayesedwe kake kakhale kotere. Dzina likatchulidwa, akulu awiri akacheze kunyumba kwake, osati kamodzi. Mkazi wake alankhule naye amayi okhwima, mwamunayo palibe, chifukwa mkazi womenyedwa sangaulule womumenyayo ali pambali. Kenako funsani akunja, monga ndime 7 ikufunira: ogwira naye ntchito, oyandikana naye nyumba, amene anamubwerekapo ndalama. Osafunsa kuti "kodi ndi munthu wabwino?" pakuti aliyense angovomera. Funsani kuti ngongole amabweza tsiku lomwe analonjeza, akapsa mtima amatani, antchito ake amawalipira pa nthawi yake.

Mukatero lengezani dzinalo masabata atatu otsatizana, kuti wodziwa kanthu abwere kwa akulu mwamseri. Pa nthawi yodikira Malemba sanaike chiwerengero, angoti asakhale wotembenuka kumene, ndipo 1 Timoteo 5:22 ikuletsa kusanjika manja mofulumira. Ine ndinganene kuti zaka zitatu ali mumpingo womwewo, chimodzi mwa izo akugwira ntchito yopanda mpando: kuyendera odwala, kuphunzitsa ana, kukonza mabenchi. Amene amakwiya ndi ntchito zoterezi wakuyankhani kale. Wochokera kumpingo wina, musangodalira kalata; imbirani foni atsogoleri akewo mufunse chimene chinamuchotsa.

Msungichuma:
Bambo anena bwino za polowera. Ine ndionjezere za ndalama, chifukwa ambiri amagwera pamenepa, ndipo nthawi zambiri sanayambe ndi mtima wakuba. Amayamba ndi "ndibwerekeko kaye, ndibweza Lamulungu". Lamulungu likafika dzenje lakula, ndipo amayamba kukonza mabuku kuti alikwirire.

Paulo yemwe sananyamule yekha chopereka cha ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8:18-21 pali mbale wosankhidwa ndi mipingo woyenda nawo, kuti pasapezeke wowanenera zoipa. Ngati mtumwi anafuna mboni, abusa athu sayenera kuona ngati tikuwanyoza.

Chopereka chiwerengedwe tsiku lomwelo, chisanatuluke m'tchalitchi, ndi anthu atatu osakhala pachibale, ndipo azisinthana mwezi ndi mwezi. Onse asaine pepala limodzi. Ndalama yonse ipite kubanki tsiku lotsatira logwira ntchito, osatapapo zogulira kanthu isanalowe. Mukatapa, pepala la owerengera ndi la kubanki sizigwirizananso, ndipo wakuba amabisala mumpata umenewo. Osainira kubanki akhale atatu, awiri azisaina limodzi, mbusa asakhale mmodzi wa iwo. Wolemba mabuku asakhalenso wosunga ndalama. Cheke chosalembedwa chisasainidwe, ngakhale wosainayo ali paulendo. Ngati anthu amapereka pafoni, nambala ikhale ya mpingo, osati ya mtsogoleri. Lipoti liwerengedwe pamaso pa mpingo miyezi itatu iliyonse, ndipo kamodzi pachaka mabuku aunikidwe ndi munthu wosakhala m'komiti. Mtsogoleri wopsa mtima mukamufunsa lisiti, muyang'anitseni.

Mayi wa Uphungu:
Pa za uphungu: pocheza ndi munthu mmodzi, chitseko chikhale chotsekula kapena chagalasi, masana, pamalo odziwika. Mavuto a m'banja a mayi asamvedwe ndi mbusa yekha kopitirira kamodzi kapena kawiri. Pakhale mayi wina. Mauthenga a pafoni a usiku ndiwo amayambitsa zambiri. Pa ana, akuluakulu azikhala awiri nthawi zonse. Chinsinsi chisungidwe, chisasanduke chitsanzo cha mu ulaliki, koma munthu auzidwiretu kuti nkhani ya kuzunza mwana kapena kuika moyo pachiswe siidzabisidwa.

Ndiye pali ndime imene imapotozedwa kwambiri, 1 Timoteo 5:19, ya mboni ziwiri kapena zitatu. Inalembedwa kuteteza mkulu ku miseche, sinalembedwe kuti wogwiriridwa abwezedwe poti anali yekha. Zoterezi sizichitikira pagulu. Mauthenga, mapepala a chipatala, odandaula awiri osadziwana onena zofanana, zonsezi ndi umboni. Woimbidwa mlandu ayambe waima pa ntchito pamene nkhani ikufufuzidwa, ofufuza asakhale anzake kapena omwe amawalipira, ndipo mlandu wophwanya lamulo la dziko upite kupolisi tsiku lomwelo. Kumusamutsira kumpingo wina mwakachetechete n'kungomupatsa nkhosa zatsopano. Ndime 20 yomweyo ikuti wochimwabe adzudzulidwe pamaso pa onse. Kukhululuka tikhululuke ndithu, koma kumubwezera pa mpando ndi nkhani ina.

Mwana wa Mpingo:
Zikomo nonse. Funso lina, Bambo: munthu wokhulupirika koma mwana wake wamkulu anasochera, ameneyu watuluka pa mndandanda?

Mkulu Wopuma:
Apa mipingo imasiyana, makamaka powerenga Tito 1:6. Ine ndimayang'ana Eli ndi Samueli. Onse awiri ana awo anaipa. Ana a Samueli ankalandira ziphuphu, werengani 1 Samueli 8:3. Koma mlandu wa Eli pa 3:13 ndi woti ankadziwa ndipo sanawaletse, ana akewo Hofeni ndi Finehasi anangopitiriza pa ntchito ya unsembe. Choncho funsani zimene bamboyo anachita atadziwa: anadzudzula, anabisa, kapena anagwiritsa ntchito dzina lake kuti mwanayo asalangidwe? Ana amene akadali pakhomo, onani ngati amamumvera mwaulemu kapena amangokhala chete chifukwa cha mantha. Zimaoneka bamboyo akalowa m'chipinda.