Man U inagwa bwanji, ndipo matimu athu a ku Dedza angatolepo chiyani?

Phiri_waLobi

Akuluakulu, thandizeni. M'nyumba zoonetsera mpira pa boma pano mkangano sukutha. Manchester United inatenga ligi komaliza mu 2013, chaka chimene Alex Ferguson anapuma ntchito. Mu 2024/25 inathera pa nambala 15 ndi mapointi 42, n'kugonjanso 1-0 kwa Tottenham m'ndime yotsiriza ya Europa League ku Bilbao. Ena akuti vuto ndi aphunzitsi, ena akuti osewera ndi aulesi, enanso akuti ndalama zilipo koma zikugulira mbola. Chenicheni n'chiti? Komanso bwanji timu ikagonja, woyamba kutukwanidwa pa intaneti amakhala wosewera wakuda? Malamulo amati chiyani pamenepa?

Jere_Bembeke

A Phiri, mutu ukakula sulewa nkhonya, n'chifukwa chake mphunzitsi ndiye amachotsedwa. Koma chilonda chili m'mabuku a ndalama.

Banja la Glazer linagula timuyi mu 2005 pa mapaundi pafupifupi 790 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazo zinali zobwereka, ndipo ngongole yoposa mapaundi 500 miliyoni anaisenzetsa timu yomweyo. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse gawo la zimene timu yapeza limapita ku chiwongoladzanja, pomwe denga la bwalo lake la Old Trafford likudontha. Mu 2013 sanachoke Ferguson yekha, anachokanso David Gill yemwe ankayendetsa ofesi. Timu inakhala yopanda mkulu woona za kagulidwe ka osewera mpaka mu 2021.

Tsono taonani mmene kugula mbola kumamangira timu manja. Mtengo wa wosewera saulemba wonse chaka chimodzi, amaugawa ndi zaka za kontrakiti yake. Antony anabwera kuchokera ku Ajax mu 2022 pa mapaundi pafupifupi 82 miliyoni, kontrakiti ya zaka zisanu. Ndiye kuti chaka chilichonse mabuku amadya 16 miliyoni ndi kanthu, malipiro ake osawerengera. Zitatha zaka zitatu m'mabuku munatsala pafupifupi 33 miliyoni, koma Real Betis inamugula mu 2025 pa ndalama zosafika 25 miliyoni. Kusiyanako kumalembedwa ngati kuluza. Paul Pogba anagulidwa pa 89 miliyoni mu 2016, n'kuchoka ulele mu 2022 kontrakiti itatha.

Kuluza koteroko kuli ndi malire ake. Lamulo la Premier Ligi limene linalanditsa Everton ndi Nottingham Forest mapointi mu 2023/24 linkati timu isaluze zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu. Pofuna kutseka dzenjelo, matimu amagulitsa ana oleredwa pakhomo, chifukwa mwana wa m'akademi sanagulidwe, ndiye ndalama yake yonse imalembedwa ngati phindu. Scott McTominay anapita ku Napoli mu 2024, chaka chotsatira n'kutenga ligi ya Italy ndi kusankhidwa wosewera wopambana onse. Wothandiza amapita, wolandira malipiro ambiri amatsala chifukwa palibe timu yomufuna.

Mbewe_Linthipe

A Jere, za ngongole sindikukana, koma musaikepo mlandu wonse. United yagula osewera a ndalama zankhaninkhani zaka zonsezi. Chimene chinasowa ndi kaseweredwe kamodzi kokhazikika. Van Gaal ankafuna kusunga mpira, Mourinho kutchinga kaye, Solskjaer kuthamangira kutsogolo mdani akataya mpira. Ten Hag anasonkhanitsa anyamata ake akale a ku Ajax: Antony, Lisandro Martínez, Onana, De Ligt, Mazraoui. Anamuwonjezera kontrakiti mu July 2024, n'kumuchotsa mu October chaka chomwecho. Amorim atabwera mu November ndi otchinga atatu kumbuyo, osewera a m'mapiko anasowa pokhala. Rashford anabwereketsedwa ku Aston Villa, Garnacho anagulitsidwa ku Chelsea. Mphunzitsi aliyense amapeza gulu logulidwira mnzake, ndiye msika umayambiranso pachiyambi.

Yerekezani ndi Brighton. Inagula Moisés Caicedo ku Independiente del Valle ya ku Ecuador mu 2021 pa mapaundi osafika 5 miliyoni, n'kumugulitsa ku Chelsea mu 2023 pa ndalama zofika 115 miliyoni. Kumeneko mphunzitsi amabwera kudzalowa m'dongosolo limene walipeza.

Nangozo_Lizulu

Achimwene a Phiri, funso lanu lachiwiri lisakwiririke ndi nkhani za ndalama. Kunena kuti goloboyi wataya mpira wogwirika ndi kudzudzula masewero, palibe cholakwa. Kumutumizira chithunzi cha nyani kapena kumuuza kuti abwerere kwawo ndi tsankho, ndipo ndi mlandu. Pa 11 July 2021 England itagonja kwa Italy pa mapenate, Rashford, Sancho ndi Saka anatukwanidwa chifukwa cha khungu lawo, osati chifukwa cha kaponyedwe ka penate kokha. Timu ikamawina wakuda ndi wawo, ikagonja asanduka mlendo. Zimandiwawa kuona ena mwa ife, anthu akuda ndife tomwe, tikugawana zithunzi zomwezo pa WhatsApp n'kumaseka.

M'bwalo woyimbira ali ndi masitepe atatu. Choyamba amaimitsa masewero, n'kulengezetsa pa chimkuzamawu kuti zonyozazo zithe. Zikapitirira amatulutsa matimu onse kupita kuchipinda kwa kanthawi, n'kuchenjezanso komaliza. Zikachitika kachitatu amathetseratu masewero, ndipo malamulo a FIFA amati timu ya masapota olakwawo iwerengedwe kuti yagonja. Mu 2024 ku Bangkok FIFA inavomereza chizindikiro chopingasa manja pa mfundo zake ngati X, kuti wosewera adziwitse woyimbira msanga. Wosewera kapena mkulu wa timu wopezeka ndi mlandu wa tsankho amaletsedwa masewero osachepera khumi pa malamulo a FIFA.

Pomwe zimavuta ndi pa sitepe yachitatu. Ku Sofia mu October 2019, Bulgaria ndi England anaimitsidwa kawiri m'chigawo choyamba koma masewero anafika kumapeto. Oyimbira amaopa chipwirikiti cha anthu zikwizikwi otuluka mokwiya, eni ligi amaopa a wailesi yakanema amene analipira. Chimene chaluma kwenikweni ndi khoti: masapota atatu amene ananyoza Vinícius Júnior ku Valencia pa 21 May 2023 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi isanu ndi itatu mu June 2024, chifukwa makamera anawajambula nkhope.

Kuno kwathu khungu ndi limodzi, koma mawu onyoza mtundu wa munthu kapena chigawo chimene akuchokera amamveka m'mabwalo. Malamulo a FIFA sasiyanitsa, zonsezo ndi tsankho. Kaputeni akamva auze woyimbira nthawi yomweyo, ndipo zilembedwe mu lipoti la masewero: mphindi yake, mbali ya bwalo, mawu enieni amene ananenedwa. Zikapanda kulembedwa, komiti yosungitsa mwambo imasowa poyambira.

Phiri_waLobi

Zikomo a Nangozo, zamveka. Nanga timu ya kwathu kuno, yopanda mamiliyoni a mapaundi, ingapewe bwanji kutaya osewera ulele?

Madala_aMayani

Iwe mwana wanga Phiri, timu yaing'ono imafa ndi kusalemba. Mnyamata amaleredwa zaka zisanu, timu ya ku Lilongwe kapena Blantyre imamutenga ndi mipira iwiri ndi majezi, nkhani yathera pomwepo.

Mwana aliyense alembetsedwe m'kaundula wa FAM kuyambira chaka chimene akukwanitsa zaka 12, dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za pa chiphaso chake. Chifukwa chake ndi ichi. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontrakiti isanathe, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Zaka 12 mpaka 15, chaka chilichonse ndi 0.25 peresenti. Zaka 16 mpaka 23, chaka chilichonse ndi 0.5 peresenti. Tinene kuti mwamulera kuyambira 12 mpaka 17: zinayi zoyambazo ndi 1 peresenti, ziwiri zotsatirazo 1 peresenti, pamodzi 2. Akadzagulitsidwa pa madola 500,000 kuchoka ku South Africa kupita ku Ulaya, anu ndi madola 10,000, ndipo akagulitsidwanso kunja mumalandiranso. Kuyambira mu November 2022 ndalamazi zimadutsa ku FIFA Clearing House, ofesi ya FIFA yozigawa kwa matimu, ndipo kumeneko amayang'ana mbiri ya kalembera wa wosewera basi. Chaka chimene sanalembetsedwe ndi chaka chimene timu yanu sidzalandirapo kanthu. Timu ikhalenso ndi akaunti ya ku banki ya dzina lake, osati ya wapampando.

Kontrakiti ikhale yolembedwa, yosonyeza tsiku loyamba, lothera ndi malipiro. Wosakwana zaka 18 sangasaine yoposa zaka zitatu. Ikatsala miyezi isanu ndi umodzi wosewera ali ndi ufulu wosainira timu ina, choncho zokambirana ziyambe kutatsala chaka chathunthu. Pogulitsa musangolandira ndalama ya lero, lembani kuti akadzagulitsidwanso mudzalandire gawo, ndipo mutchule ngati gawolo ndi la mtengo wonse kapena la phindu lokha, poti apa mpamene matimu amakanganirana.

Chenjeraninso ndi anthu obwera ndi malonjezo otengera ana kunja kukayesedwa. Malamulo a FIFA saloleza wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo ake atasamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Ajenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo dzina lake mungathe kulitsimikiza ku FAM musanamupatse pasipoti ya mwana.