Akuti ikamakwana 9 koloko usiku tonse tizikhala tili m'nyumba, ndisaine kapena ndikane?

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni nzeru. Ndimachita lendi dera lina muno mu Lilongwe, ntchito yanga ndi kabaza wa njinga yamoto. Kwathu kuno mbava zavuta, zikuboola makoma, kuba mabatire a sola, mwezi watha zinakhapa ndi zikwanje bambo wina wa golosale. Ndiye amfumu ndi komiti ya chitetezo akhazikitsa malamulo. Khomo lililonse lizisonkha K3,000 pamwezi ya anyamata olondera. Wopezeka pamsewu 9 koloko itadutsa alipire K10,000. Mlendo wodzagona akalembetse kwa a komiti pamodzi ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika. Loweruka akubwera ndi kaundula kuti tisaine, ndipo alandilodi andiuza kale kuti ndikakana ndikasake nyumba kwina.

Kusonkhako sindikukana. Koma ndalama ya kabaza ili usiku, mabasi a ku Blantyre akamafika, ndipo pakhomo ndimalowa cha m'ma 11. Pamsonkhano palibe anatsutsa, aliyense anawomba m'manja, koma potuluka kung'ung'udza kokhakokha. Ndikane ndekha?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Mwana wanga, saina. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, munthu unkayenda usiku wonse osaopa kanthu, wakuba ankadziwa chomwe chimuonekere. Kumvera ndi kusunga mwambo zinali ngodya za dziko. Ufulu wanuwu ndi umene wabweretsa zikwanje.

Mayi wa ku Zomba: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma mwanena mbali imodzi. Nthawi yomweyo mayi anga ankabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi ya chipani, ayufi ataima ndi zibonga. Kuyambira 1973 mkazi kuvala thalauzi unali mlandu. Ku Mikuyu kuno anthu anakhalako zaka osaonekera kukhoti, a Mboni za Yehova anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitawotchedwa. Mbava sitinkaziopa kwenikweni, inde, tinkaopa otilonderawo. Pa 14 Juni 1993 anthu anafunsidwa pa riferendamu, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, osati tambala wa chipani chimodzi.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Kwathu kuno ambiri tinavotera tambala, mayi, ndipo sindichita nazo manyazi.

Wophunzira zamalamulo: Tibwerere pa funso. Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi. Ufuluwu ukhoza kuchepetsedwa, koma ndi lamulo lenileni, osati mfundo za pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Anebahudi akakugwira akukukayikira, ntchito yawo ndi kukupereka kupolisi msanga, chindapusa si chawo. Ngakhale apolisi enieniwo khoti linawaletsa kumangotola anthu chifukwa choyenda mumdima. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lija la vakabu, pa mlandu wa Gwanda, venda amene anamangidwa mbandakucha akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe. Ngati wapolisi sangakumange chifukwa chongoyenda usiku, nanji mnyamata wa tochi ndi wenzulo?

Mayi wa ana atatu, Area 25: Inu a malamulo mumalankhula chifukwa simunagonepo pansi pa bedi ndi ana, anthu akuswa chitseko ndi mwala. Ife zinatichitikira. Tinaimba foni kupolisi, anati galimoto ilibe mafuta. Anatipulumutsa ndi anyamata omwewo mukuwanyozawo. Ine ngakhale atati 8 koloko ndisaina, gawo 39 silinabwere usiku umenewo. Komanso tisanamizane, akuba ambiri masiku ano akuthawira pa njinga zamoto zomwezo.

Wobisa dzina: Pepani kwambiri mayi ndi zomwe munakumana nazo. Nafenso a kabaza tikuphedwa ndi mbava zomwezo, zimafuna njinga. Koma ndikasiya kuyenda usiku, K3,000 yosonkhayo ndiitenga kuti?

Venda wa ku Limbe: Achimwene, funso lanu lenileni ndi lakuti mukane nokha, yankho ndi ayi. Kumbukirani Epulo 2020. Boma linalengeza kuti tonse tibindikire masiku 21 kuyambira pa 18 chifukwa cha korona, akutinso n'kutiteteza. Ife a m'misika tinadziwa kuti njala itipha matenda asanafike, tinatuluka ku Blantyre, ku Mzuzu ndi kwina. A HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, anakatenga chiletso kukhoti, Jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa zonse pa 17, kutatsala tsiku limodzi. Mfundo yathu inali yoti boma silinakonze choti osauka adye, matendawo sitinkawakana. Inunso musakanene kuti simukufuna chitetezo, akuonani ngati mnzawo wa mbava. M'dera lanulo muli anamwino a shifiti ya usiku, alonda, ogwira m'mabala, amayi olawirira kukapikula tomato. Onsewo lamuloli liwapweteka. Ayendereni khomo ndi khomo lisanafike Loweruka.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Kulimbikitsana pa foni n'kosavuta. Pa 20 Julaye 2011 anthu anatuluka kukana ulamuliro wa Bingu, anafa pafupifupi 20, ambiri kuno ku Mzuzu. Bambo afunsawa ndi a lendi. Akawathamangitsa, ndani pagulu pano awapatse nyumba? Bwana sainani, anyamatawo muziwagulira ka chipisi, adzakudziwani nkhope basi.

Mayi wa ku Zomba: Ndiye kuti azilipira kawiri, msonkho ndi ziphuphu, kuti alowe m'nyumba yomwe akulipira lendi? Mawa chipisi chidzasanduka K5,000.

Wapampando wa komiti ya chitetezo, Ndirande: Ndiyankhe ngati munthu amene ndili m'komiti yotere. Za 9 koloko ifenso tinayesa, zinakanika, tinkangokangana ndi anthu athu omwe. Chomwe chinathandiza ndi kulemba mayina a ogwira ntchito usiku, olondera akhale nawo. Pitani kupolisi ya kwanuko mukafunse wapolisi woona za chitetezo cha m'madera, mumupemphe adzakhalepo Loweruka. Pamaso pa iyeyo nkhani ya K10,000 sadzaitchula n'komwe. Amfumu musawatsutse pagulu, kawaoneni kunyumba muli angapo, munyamule ndi ndalama ya mwezi woyamba.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Madzulo ano ndalankhula ndi anamwino awiri ndi mlonda wina, avomera kuti mawa tipitire limodzi kwa amfumu. Koma za buku la alendo akuti tisazikhudze, tingachulutse nkhani. Ine ndi limene likundisowetsa mtendere, nambala za ziphaso za anthu zizikhala m'kope kunyumba kwa munthu. A ku Ndirande, kwanuko bukulo lilipo? Amasunga ndani?