Tochi ya pa pistol ikundilasa m'chiuno, swichi yake nayo sindikuikhulupirira: ndisinthe kapena ndingoichotsa?

Abale anga a ku Joni kuno, funso langa likupita kwa inu amene mumanyamula mfuti mwalamulo, makamaka a ntchito za chitetezo usiku. Ndineneretu kuti tisakokanekokane: mapepala okhalira kuno ndili nawo, ndipo Glock 19 yanga ili pa laisensi ya Section 13, yodzitetezera ija.

Ine ndine wa geni ya masamba. Ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha ku Rosettenville, kukapikula tomato, anyezi ndi kabichi ku msika wa City Deep, kenako n'kumagawa m'mashopu a ku Turffontein ndi Booysens. Pa bakkie ndimakhalapo maola asanu ndi awiri, tsiku lina kuposa. Chaka cha 2023 chija magetsi akuzimazima, msewu wathu unkakhala mdima wa ndiweyani, ndipo kutsika kukatsegula geti pa ola limenelo mtima unkagunda. M'pamene ndinagula tochi yomangirira kunsi kwa mfuti, Streamlight TLR-1 HL. Pa kuwala ndilibe nayo mlandu. Ma lumens (muyeso wa kuwala) 1,000, mabatire awiri a CR123A, ukaiyatsa pabwalo ngati kwacha.

Vuto loyamba ndi holster, chonyamuliramo mfuti m'chiuno. Lamulo la mfuti la 2000 lija limati pagulu mfuti ikhale mu holster ndipo yophimbika yonse, choncho ndimaiika mkati mwa thalauza, kutsogolo chakumanja kwa chomangira lamba. Tochiyi ndi yaitali kuposa mphuno ya Glock 19, ndi yonenepanso, ndiye holster ya Kydex, pulasitiki yolimba ija, imene anandipangira inatuluka ngati njerwa. Ndikaimirira palibe vuto. Ndikangokhala pa mpando, nsonga yake imakalowa pamene ntchafu imakumana ndi mimba, lamba wa galimoto n'kudzapanikizanso pomwepo. Ndikamafika ku Booysens mwendo umakhala wachita dzanzi. Dzulo posamba ndinaona pakhungu pali chidindo chofiira chonga ndalama ya R5, pakati pake payamba kusupuka, ndipo ndi thukuta la mwezi uno pakuwawa ngati pathiridwa tsabola. Chimene chandiopsa n'chakuti sabata yatha, kawiri konse, ndinaisiya mfutiyo mu sefa yosungiramo mfuti dala chifukwa cha ululu. Ndinavutikiranji miyezi yonse ija kudikira laisensi ngati mfuti izigona kunyumba ine ndili pa msewu?

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi swichi. Kwa amene simunaigwirepo, swichi ya TLR-1 ili kumbuyo kwa tochi, kutsogolo kwenikweni kwa chotchinga trigger (kamene timakoka powombera), ndipo ndi kamtanda kamodzi kopendekera uku ndi uku. Ukakapendeketsa mbali imodzi tochi imayaka pokhapokha ukugwirizira, ukakapendeketsa mbali inayo imayakiratu mpaka uizimitse. Popeza kamtandako n'kamodzi, chimene kudinikiza pansi kumachita kumanzere si chimene kumachita kumanja. Masana, mtima uli m'malo, izi n'zosavuta. Koma tsiku lina ndikuyeserera kunyumba, mfuti ilibe chipolopolo, magazini ili patebulo, ndinazimitsa magetsi n'kusolola mofulumira ndi dzanja limodzi, linalo ngati lagwira geti. Chala cha mkombaphala chinapita chokha kukafuna swichi. Chitaidinikiza chinaterereka, n'kukaima m'mphepete mwa trigger. Sichinaikoke, koma ndinaimva pa nsonga ya chala. Ndinakhala pansi kwa kanthawi osalankhula. Chala chimodzi chomwecho chikuphunzira ntchito ziwiri, kuyatsa ndi kuwombera, pamalo otalikirana pang'ono chabe.

Ndiye ndithandizeni. Ndikumva kuti tochi ina ya Streamlight, TLR-7A, ndi yaing'ono, imathera pamodzi ndi mphuno ya Glock 19, koma ma lumens ake ndi 500 okha. Amene mwagwiritsapo zonse ziwiri, swichi yake chala chachikulu cha kumanzere chimaipeza osasuntha kagwiridwe? Nanga June akafika, ndi magolovesi m'manja, imamveka? Ndipo kwa munthu wokhalitsa pa chiwongolero ngati ine, holster yake imapepukadi, kapena ndingotaya ndalama kawiri? Kapena ndiichotse tochiyo, ndizingoyenda ndi ya m'manja?

Wa armed response (alonda onyamula mfuti), Randburg: Achimwene, mwachita bwino kunena za chala zija, ambiri amabisa. Kwathu lamulo ndi limodzi: swichi ndi ya chala chachikulu cha dzanja lothandizira, mkombaphala agone pambali pa mfuti mpaka mwatsimikiza kuwombera. Ine pa yanga ndili ndi SureFire X300. Ukaikankha kutsogolo imayaka mogwirizira, ukaikweza kapena kuitsitsa imayakiratu, ndipo mbali zonse n'chimodzimodzi. Koma kwa inu siithandiza, kutalika kwake n'kofanana pafupifupi ndi imene muli nayo. Ife timanyamulira kunja pa lamba wa ntchito, n'chifukwa chake sitilasidwa.

Mkulu wa ku Germiston: Mwana wanga, ndinadutsa momwemo. Ndinachoka pa TLR-1 kupita pa TLR-7A zaka zapitazo. Samalani pogula, pali TLR-7 yoyamba ija imene mabatani ake ali m'mbali, odinikiza cholowetsa mkati. Imeneyo ine inandikana, chala chinkachita kuwafunafuna. Ya A ili ndi timapedulo kumbuyo todinikiza pansi. Kugunda kamodzi msanga imayakiratu, kugwirizira imazima mukangosiya, kumanzere ndi kumanja mofanana, ndiye mutu susokonezeka. Pali timapedulo tapamwamba ndi tapansi, mumasankha malinga ndi pamene chala chanu chimagona. Ine manja anga ndi aafupi, ndinaika tapamwamba. Ndi magolovesi opyapyala imamveka, ndi aubweya onenepa aja iwalani. Batire ndi limodzi la CR123A, kulemera pafupifupi theka la imene muli nayo. Za 500 musadandaule, kuchokera pa bakkie kufika pa geti ndi mamita angati? M'nyumba ya makoma oyera 1,000 imakubwererani m'maso nokha. Chinanso, popeza siipitirira mphuno ya mfuti, galasi lake silida msanga ndi utsi ku range, koyeserera kuwombera, ngati mmene TLR-1 imachitira pa Glock 19.

Mwini funso: Zikomo bambo. Holster yanga yomweyi ingalowe, kapena ndipangitsenso ina?

Mkulu wa ku Germiston: Ina, osanyengerera. Holster za mfuti ya tochi zambiri zimagwira pa tochipo, osati pa chotchinga trigger. Mukaikamo tochi yaing'ono, kapena mukaichotsa tochiyo, mfuti izigwedera ndipo ikhoza kugwa mukuwerama kunyamula thumba la anyezi. Ndipo mukakalandira yatsopanoyo, mfuti ilibe chipolopolo, ilowetseni muyang'ane mpata wa pakamwa pa holster pafupi ndi trigger. Kuti tochi idutse, pakamwapo amapakulitsa, ndiye pamatsala mpata. Ngati kachala kanu kakang'ono kangalowe n'kukhudza trigger, ikaneni. Chingwe cha jekete kapena mpendero wa malaya zimalowa momwemo.

Wopanga ma holster, kum'mawa kwa Joni: Ndiwonjezereko pa za ululu, chifukwa si zonse zochokera ku tochi. Holster yaifupi kwambiri nayonso imapendama, chogwirira chimagwera kunja, nsonga n'kulowa m'thupi. Matani kasiponji kolimba kumbuyo kwa nsongayo, kokhuthala kunsi kopyapyala kumtunda, kuti nsonga ichoke pa fupa. Kwezani holster pang'ono pa timabowo ta zomangira zake, isunthireninso chapakati kufupi ndi mchombo kuti ntchafu ikamakwera isaigunde. Lamba akhale wolimba, koma pa galimoto mumasule bowo limodzi. Valani vesiti mkati, Kydex isakhudze khungu. Yesani zimenezi masiku atatu musanagule kanthu. Ndipo pachilondapo paleke kaye kupanikizika mpaka papole.

Mayi wa ku Kempton Park: Alongo, ine ndilibe mfuti, amuna anga ndi amene ali nayo, koma funso langa ndi ili. Mukamva phokoso pa geti n'kuyatsa tochi imeneyo kuti muone, ndiye kuti mfutinso yaloza komweko, si choncho? Nanga akakhala mwana wa aneba akuchokera ku shifiti ya usiku? Kuno mayadi athu timakhala mabanja anayi asanu, anthu amalowa ndi kutuluka usiku wonse.

Wa armed response, Randburg: Amayi anena zoona. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pa Section 120 ya lamulo lomwe lija, ngakhale musawombere, ngakhale mulibe chipolopolo. Tochi ya pa mfuti si yofufuzira. Yofufuzira ndi ya m'manja, ya batani kumatako, ikhale m'thumba la kumanzere tsiku lililonse. Ya pa mfuti ntchito yake imayamba pamene mfuti yatuluka kale pa chifukwa chenicheni, kuti mutsimikize chimene chili patsogolo panu. Ndipo pa nkhani yanu ya dzanja limodzi ija, achimwene: dzanja lamanzere likatanganidwa, siyani geti, bwererani m'mbuyo, mugwire ndi manja awiri. Musaphunzitse mkombaphala swichi, ya mtundu uliwonse.

Mwini funso: Achemwali, mwandikhudza. Pa yadi yathu pali mnyamata amene amabwera cha m'ma 3 momwemo kuchokera ku bekale, ndipo kangapo takumana pa geti mumdima. Mfuti sindinaitulutsepo, koma m'maganizo mwanga tochi yoonera inali ya pa mfutiyo, chifukwa ina ndinalibe. Mawa ndikugula ya m'manja ndisanachite china chilichonse. Kasiponji ndimata usiku uno, ndipo mpaka chilondachi chipole holster ndiisunthira m'mbali mwa chiuno. Bambo a ku Germiston, ngati n'kotheka Loweruka tikumane ku range ndidzagwireko TLR-7A yanuyo ndisanalipire, ndibwera ndi magolovesi anga. Timapedulo tapansi tija mukadali nato? Zala zanga ndi zazitali, mwina ine tingandiyanje timeneto.

Mkulu wa ku Germiston: Ndikadali nato m'kabokosi kake, ndibwera nato pamodzi ndi holster yanga. Mudzaivale mukhale nayo pa mpando wa bakkie yanu, lamba wa galimoto mutamanga, kwa mphindi makumi awiri. Ndilembereni ku inbox tigwirizane nthawi.