Kafukufuku wa ku College of Medicine: wasintha chiyani pa bedi la wodwala?

Kilinikoofisa_waKuboma:
Akuluakulu, ndithandizeni. Timamva kuti ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili mbali ya yunivesite ya za umoyo ya Kamuzu (KUHeS), kumatuluka kafukufuku wambiri chaka ndi chaka. Ife a m'zipatala za m'maboma timangolandira malangizo atsopano osadziwa komwe achokera. Pa kafukufuku yense wochitikira ku Queens (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth), ndi uti amene anasinthadi kagwiridwe ka ntchito, ndipo ndi wa nthambi ziti? Chachiwiri, munthu wa kuboma atafuna kufufuza za pa wodi yake, tinene mabala a opaleshoni ya amayi obereka amene akumachita mafinya, ayambire pati?

Dokotala_waAna:
Achimwene, zina mwa zimene mukufunsazo mumazigwiritsa ntchito kale tsiku lililonse.

Yambani ndi Blantyre Coma Score, njira yoyezera kukomoka kwa mwana. Inachokera pa wodi ya ana ku Queens, mu ntchito ya Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ndipo inafalitsidwa mu 1989. Mapointi ake ndi 5. Mwana akapita ndi dzanja pamene mwamupweteka, 2. Akangothawitsa chiwalo, 1. Akangokhala duu, 0. Kulira kwabwinobwino 2, kubuula 1, chete 0. Maso akamatsatira nkhope ya mayi ake, 1. Mwana wopeza mapointi 2 kapena kutsika pamenepo ndiye wakomokadi. Pamene anthu amalakwitsa ndi apa: kumuyeza atangosiya kukomoka ndi khunyu, kapena asanamuyeze shuga. Mwana wotsika shuga amapereka pointi ya bodza. Mukamupatsa dextrose amadzuka. Konzani shuga kaye, dikirani theka la ola kapena kuposera khunyu litaleka, ndiye muwerenge.

Chachikulu kwa ine ndi nkhani ya maso. Zotsatira za 2004 za kuyeza mitembo ya ana amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo zinasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo anali nato m'magazi inde, monga ana ambiri kuno nthawi ya dzinja, koma sindito tinamupha. Chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa ndi kuseri kwa diso: madontho oyera, mitsempha yosintha mtundu, ndi timagazi tokhala ndi koyera pakati. Ndiye mwana wokomoka, MRDT (kachipangizo koyezera malungo mwachangu) yasonyeza malungo, koma kuseri kwa diso kulibe zizindikiro zimenezi, musaime pa artesunate yekha. Mutengeni madzi a pamsana ngati palibe choletsa, ndipo mumuyambitse mankhwala a matenda oumitsa khosi.

Mu 2015 makina a MRI a pa Queens pomwepo anasonyeza kuti mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 alionse anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ochira anali 27. Mwanayo amasiya kupuma mtima ukugundabe.

Palinso ETAT, yosankha ana odwalitsitsa pamzere asanafike kwa dokotala, yomwe mizu yake ili pa Queens ndi Elizabeth Molyneux. Ndi chiponde cha ana onyentchera, chimene chinayesedwa kuno ndi gulu la Mark Manary kuti mwana wokhoza kudya azichirira kunyumba.

WaMankhwala_Chichiri:
A dokotala a ana anena zimene zinayenda. Ine nditchule zimene zinakana, chifukwa ndi zomwe zimateteza odwala ku mabuku olembedwa kwina.

Ku Ulaya dexamethasone anaoneka wothandiza pa matenda oumitsa khosi. Ku Blantyre anamuyesa pa ana, zotsatira zinatuluka mu 2002: palibe phindu. Anamuyesanso pa akuluakulu 465, ambiri mwa iwo ali ndi kachilombo ka HIV, zotsatira mu 2007: chimodzimodzi. Kenako anayesa glycerol womwetsa kwa akuluakulu, kafukufukuyo anaimitsidwa panjira chifukwa amene ankalandira mankhwalawo ankamwalira ochuluka kuposa enawo. Wodwala wathu amafika patapita masiku, chitetezo chili pansi, ndiye si yemwe uja wa m'buku.

Mbaula zosatulutsa utsi wambiri zinayesedwa ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000. Aliyense ankayembekezera kuti chibayo chichepa. Mu 2017 zinadziwika kuti sichinachepe.

Nkhani ya CPAP, makina othandiza kupuma, ndi yofunika kuimva bwino. Makina a Pumani anathandiza makanda obadwa ndi vuto la kupuma ku Queens: opulumuka anali 71 pa 100 poyerekeza ndi 44 mwa amene anali pa mpweya wamba. Koma kafukufuku wina wa ku Salima, pa ana okulirapo a chibayo chachikulu, pa wodi yopanda dokotala woyang'anira tsiku lililonse, anapeza kuti imfa zinachuluka pa CPAP kuposa pa mpweya wamba wa m'mphuno. Njira ndi yomweyo ya CPAP. Wodwala ndi oyang'anira ndi osiyana. Musamatenge zotsatira za chipatala chachikulu n'kuziika pa wodi yanu musanafunse kuti anali anamwino angati pa ana angati.

Za katemera, mwachidule. Wa rotavirus anateteza ana pafupifupi 49 pa 100 ku kutsegula m'mimba koopsa kuno, pamene ku South Africa anali pafupifupi 77. Ena anakhumudwa, koma poti matendawa ndi ochuluka kwathu, ana opulumutsidwa anali ambiri kuno kuposa uko, ndipo dziko linayamba kumupereka mu 2012. Wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, anateteza pafupifupi 80 pa 100, ndipo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Ku Ndirande komweko, mu 2006, kunapezeka kuti chloroquine, amene tinamusiya mu 1993 chifukwa cholephera, anali atayambanso kugwira ntchito: 99 pa 100, pamene SP (Fansidar), amene analowa m'malo mwake, anali pa 21.

Pa akuluakulu a HIV, kafukufuku wa AMBITION, amene Blantyre ndi Lilongwe anatengamo mbali, ndiye anabweretsa njira ya dripi imodzi ya liposomal amphotericin, 10 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, pa cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi fangasi.

Mzamba_Mphunzitsi:
Onetsetsani mndandanda wa anzangawa: malungo, HIV, katemera, ana. Sikuti nthambi zina zilibe anthu anzeru. Ndalama zimabwera kudzera m'mabungwe ogwirizana ndi koleji, monga Malawi-Liverpool-Wellcome, Johns Hopkins Project ndi Blantyre Malaria Project, ndipo opereka ndalamawo maso awo ali pa matenda opatsirana. Opaleshoni, mafupa, matenda a maganizo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimatsalira, mapepala ake ambiri amakhala a ophunzira a MMed (madokotala ophunzira ukatswiri) owerenga mafayilo akale. Zilipo zabwino, monga ntchito ya khansa ya ana ya Burkitt ndi yowongola mapazi opindika ndi pulasitala, koma n'zochepa.

Kwa amayi, kafukufuku wa PEPI wa 2008 ndiye ndingamutchule: kupitiriza nevirapine kwa khanda mpaka masabata 14 kunatsitsa ana otenga kachilombo ka HIV pofika miyezi 9 kuchoka pa 10.6 kufika pa 5.2 pa 100. Ndiye funso lanu la mabala, achimwene, lili pamene pali mpata weniweni.

Wowerengera_Ziwerengero:
Ndiyankhe lachiwiri. Chinthu choyamba si fomu ya chilolezo ayi, ndi tanthauzo. Bala lochita mafinya n'chiyani? Tengani tanthauzo limene onse amagwiritsa ntchito: matenda a pa bala oyamba mkati mwa masiku 30 chichitikireni opaleshoni, ndipo muwagawe atatu: a pakhungu, a mkati mwa minofu, ndi a m'mimba kapena m'chiberekero. Lembani zizindikiro papepala limodzi, aliyense woyeza aziyendera lomwelo. Kupanda apo namwino wina amalemba bala lofiira ngati lodwala, wina amadikira mafinya, ndipo chiwerengero chanu chimasanduka cha anamwino, osati cha mabala.

Musadalire mafayilo akale. Amene amasowa kawirikawiri ndi a odwala amene anavuta, chifukwa fayilo inayenda ku fiyeta kawiri, kapena inapita ndi wodwala potumizidwa ku chipatala chachikulu. Chotsatira chake vuto limaoneka laling'ono. Tsatirani amayi kuyambira tsiku la opaleshoni kupita m'tsogolo.

Chiwerengero cha anthu: ngati mukuganiza kuti vutoli limagwira 10 pa 100 ndipo mukulola kuphonya ndi 5 uku ndi uku, mukufunika amayi 139. Poti ena adzasowa panjira, tinene mmodzi mwa asanu, lembani 174. Ngati mulibe poyambira n'komwe, tengani 50 pa 100, zomwe zimafuna 385.

Apa ndi pamene ambiri amagwa: mayi amatuluka patatha masiku atatu kapena anayi, pamene mabala ambiri amayamba kuvuta ali kale kumudzi. Mukawerenga a pa wodi okha mwaphonya ochuluka. Muoneni potuluka, pobwera kudzaonetsa bala patatha sabata, ndi pa tsiku la 30. Tengani manambala a foni awiri, dzina la mudzi ndi la mfumu, ndiponso mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. Ikani chizindikiro m'kabuku kake ka kuchipatala kuti akapita ku chipatala chaching'ono akamudziwe.

Pa fomu yanu pasalembedwe dzina, koma nambala ya kafukufuku. Buku lolumikiza nambala ndi dzina likhale lokhomeredwa pa lokha. Mapulogalamu odzazira mafomu pa foni, monga KoboToolbox kapena ODK, amagwira popanda intaneti. Lembaninso nthawi imene anapatsidwa jakisoni wa antibayotiki poyerekeza ndi nthawi yocheka, maola amene nsupa inasweka asanalowe ku fiyeta, kuchuluka kwa magazi ake, ndi za HIV. Yesani fomuyo pa amayi 10 kaye; mafunso osamveka amaonekera pamenepo.

Chilolezo: kalata ya mkulu wa zaumoyo wa boma lanu, kenako komiti yovomereza kafukufuku ya KUHeS (yodziwika ndi dzina loti COMREC) ngati muli wophunzira kapena mukugwira ndi a KUHeS, apo ayi komiti ya dziko lonse ya NHSRC ku Lilongwe. Mukayesa mankhwala pa anthu, bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA limalowapo. Musalembe wodwala ngakhale mmodzi kalata ya komiti isanatuluke, chifukwa makomitiwa sapereka chilolezo chobwerera m'mbuyo, ndipo magazini monga Malawi Medical Journal amafunsa nambala yake.

Kilinikoofisa_waKuboma:
Zikomo nonse. Nanga mayi wosadziwa kulemba, kapena wosakwana zaka 18? Komanso labu yathu siimeretsa tizilombo.

Mzamba_Mphunzitsi:
Wosalemba amadinda chala, pamaso pa mboni yosakhala m'gulu lanu la kafukufuku, nayonso isayine. Fomu ikhale m'chilankhulo chake, ndipo mukaimasulira mupatse munthu wina amene sanaone yoyambirira aibwezere m'Chingelezi kuti muone pamene tanthauzo lapotoka. Musamupemphe chilolezo ali m'matenda akulowera ku fiyeta; dikirani atsitsimuke, ndipo mumuuze poyera kuti akakana thandizo lake silisintha. Wosakwana zaka 18 mulembe mu pulotoko (chikalata cha ndondomeko ya kafukufuku) momwe mudzachitire, kaya ndi kholo kapena womuyang'anira pamodzi ndi kuvomera kwa mwini wake, komiti igamule. Musawachotse m'kafukufuku pongofuna kupepukitsa ntchito, poti atsikanawa ndi ambiri pa wodi imeneyo.

Za labu zisakuimitseni. Tanthauzo lija limalola kuzindikira ndi maso: mafinya otuluka pa bala ndi okwanira. Mukapeza labu yogwirizana nayo, tsukani bala ndi saline kaye, tengani zokayezetsa kuchokera mkati osati pamwamba pa khungu, ndipo zifike ku labu mkati mwa maola awiri kapena muziike mu transport medium (chosungiramo zokayezetsa paulendo). Zikagona pa tebulo mpaka mawa, zimene zidzamere ndi za pakhungu.